Duwa lachilendo lamera pa ploti ya eni, ndani akulidziwa?

Moni nonse a m'gulu. Ndili ku Zomba kuno, cha ku Chinamwali. Kuseri kwathu kuli ploti yosamangidwa yotsetserekera kudambo, ana anaitentha mu September posaka mbewa. Pa lupsapo patuluka mapesi owongoka ofika m'bondo, opanda tsamba ndi limodzi lomwe, koma ali ndi maluwa a pinki wopita ku pepo. Mbali ya m'munsi ya duwalo ndi yotambalala, ili ndi kathumba kumbuyo, m'kati moyera ndi kachikasu pang'ono. Mwana wanga anafukula limodzi, pansi pali timbatata tolimba tolumikizana mondondozana.

Mayi aneba akuti ndi chikande, tikumbe tiphike. Ine mtima ukukana. Chikundithamangitsa n'choti mwini ploti watsitsa kale njerwa ndi mchenga, sabata ikubwerayi ayamba kukumba maziko. Ndaikapo chithunzi chomwe ndinajambula chapatali. Kodi duwali ndi chiyani, limadyedwa? Nanga nditalisamutsira kwanga lingaphuke?

Bambo wa ku Rumphi: Mayi, musaphike. Chikande, chomwe kwathu timati chinaka, timbatata take timakhala tating'ono tobulungira, kamodzi kapena tiwiri pa phesi, osati mndandanda ngati mukunenawo. Chimachokera ku zomera za banja la maluwa lotchedwa orchid, za mitundu ya Disa, Satyrium ndi Habenaria, zambiri za m'mapiri mozizira ngati ku Nyika ndi ku Chitipa. Ndipo chikutha, anthu akukumba mosasiyako n'kumakagulitsa ku Zambia.

Mayi wina wa ku Lilongwe: Duwa lanulo ndi orchid ndithu. Mmene mwafotokozeramu ndikuganiza Eulophia cucullata. Imakonda malo a udzu opsa, imayamba ndi maluwa cha mu October mvula isanakhazikike, masamba aatali oonda amabwera pambuyo. Koma ma Eulophia ndi ambiri muno, ndiye chithunzi chanu chakutalicho sichikukwana. Jambulani duwa limodzi chapafupi, kutsogolo ndi chammbali kuti kathumbako kaoneke, kenako chomera chonse mutaimika bokosi la machesi pambali. Muli ndi mwayi, National Herbarium, malo osungirako ndi kufufuza zomera, ili ku Zomba komweko, pitani nazo zithunzizo. Mukhozanso kuziika pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti pomwe anthu amathandizana kuzindikira zomera ndi nyama.

Wina: Zonsezi chifukwa cha duwa? Dzalani chimanga apo, mvula yayandikira.

Wosamalira maluwa ku Blantyre: Nthawi yabwino yosamutsa ndi chilimwe masamba atauma, koma poti makasu afika kale, pemphani kaye kwa mwini ploti ndipo mukumbe. Musazule ndi manja. Dulani chibuma chachikulu, mozama ndithu, timbatata tisaduke, dothi lakelo lipite nalo limodzi. Ma orchid amadalira tinthu ta mtundu wa bowa ta m'dothi, n'chifukwa chake njere zake, zomwe ndi fumbi lenileni, sizimera mukangofesa pa bedi. Dzalani padzuwa, posadikha madzi. Feteleza ndi manyowa a nkhuku ayi. Mukhomepo chikhomo chifukwa masamba akauma pamaoneka ngati palibe kanthu, wolima adzagaulapo. Chaka chamawa likapanda kuchita maluwa musafukule kuti muone.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Mwini ploti ndamuimbira, waseka koma wavomera, akuti ndichotse lisanafike Lolemba. Funso lina bambo a ku Blantyre: maluwa ali pa phesiwa ndiwadule posamutsa kapena ndiwasiye?