"We discussed about" yandikwana, ndithandizeni ndi ana a Fomu 3

Madamu a ku Ntcheu: Akuluakulu, mwaswera bwanji. Ndangomaliza kuchonga zimangirizo za Chingerezi za Fomu 3, mutu wake unali ulendo umene sadzauiwala, ndipo bolopeni yofiira yandithera m'manja. Nthawi yakale ya aneni ndinaphunzitsa teremu yatha ndipo anaigwira ndithu, "went" ndi "bought" sakuphonyanso. Koma mneniyo akangokumana ndi mperekezi, zonse balala. "We arrived to Lilongwe." "I waited him at the depot." "We discussed about the fare." Wina walemba kuti "my uncle died with malaria," ngati malungowo nawonso tinakawaika kumanda. Mndandanda wa aperekezi ndinawapatsa kale kuti aloweze, koma ayi ndithu. Anzanga mumatani?

Achimwene a ku Mchinji: Madamu, apatseninso mndandandawo, aloweze mpaka ulowe. Ife tinaphunzira choncho ndipo tili pano.

Madamu a ku Ntcheu: Achimwene, akuuloweza bwinobwino. Mukawafunsa pakamwa akuyankha ngati nyimbo. Akagwira cholembera abwerera pomwe paja.

Bambo a Chichewa, Dedza: Pepani ndilowerereko ngakhale phunzirolo si langa. Ana anuwo sakulakwitsa mwachisawawa ayi. Ziganizo mwalembazo ndaziwerenga, ndipo chilichonse ndi Chichewa cholongosoka chimene changovala jekete ya Chingerezi. Tinakambirana za mtengo: "za" uja ndiye "about" wawoyo. Tinafika ku Lilongwe: mwana anaphunzira ku pulayimale kuti "ku" ndi "to", ndiye mumuletsa bwanji? Anamwalira ndi malungo: "ndi" wasanduka "with". Tsono pa "I waited him" zatembenuka. Ife timati ndinamudikira, popanda mperekezi aliyense, chifukwa ntchito zambiri zimene Chingerezi chimapatsa "for" kapena "to", ife timazimalizira mkati mwa mneni momwemo. Taonani msintho wochitira: anandiphikira, anandigulira, anandilembera. Mwana amaona kuti mneni wakwana kale, palibe choonjezera. Mndandanda sungachize zimenezo chifukwa sukhudza pamene pakuchokera matendawo.

Madamu a ku Ntcheu: Bambo, mwanditsegula maso. Ndabwereranso m'makopemo. "He married with a nurse," anakwatirana ndi namwino. "She entered in the house," analowa m'nyumba. "They laughed me," anandiseka. Zonse zikugwera momwemo!

Mayi a dipatimenti ya zilankhulo, Zomba: Zimene anena bambowa n'zimene ndimachita ine, kungoti ndimazigawa milu itatu pa bolodi, ana n'kumaponya okha ziganizo zawo pa mulu woyenera.

Mulu woyamba ndi wa aneni amene Chichewa chimawapatsa mperekezi koma Chingerezi sichifuna: discussed the fare, reached Zomba, entered the house, married a nurse. Apa mankhwala ake ndi kufufuta basi.

Wachiwiri ndi wa amene Chichewa chimawasiya okha pamene Chingerezi chikufuna wowaperekeza: waited for him, listened to the radio, laughed at me, looked for my pen, asked for water.

Wachitatu ndiwo umandidyera nthawi, chifukwa zilankhulo zonse ziwiri zili ndi mperekezi koma wosiyana: died of malaria, arrived in Lilongwe, arrived at the depot. Pa "arrived" ndimawauza kuti mzinda kapena dziko ndi "in", malo amodzi ngati depoti, chipatala kapena sukulu ndi "at", ndipo kunyumba palibe chilichonse: arrived home.

Chinanso muwatsimikizire kuti mperekezi alibe nthawi. Chimasintha ndi mneni yekha: wait for, waited for, did not wait for. Ana ena amaganiza kuti nthawi yakale ili ndi aperekezi akeake, ena mpaka amakamata -ed kumapeto kwenikweni. Ndinachongapo "he pick upped the phone."

Achimwene a ku Mchinji: Mayi, pa mulu woyambawo ndikutsutsaniko pang'ono. Mukawauza kuti "entered" salandira mperekezi, tsiku lina adzakumana ndi "the two companies entered into an agreement" m'nyuzipepala, adzati aphunzitsi anatinamiza. Chimodzimodzi "married": she married him, inde, koma she got married to him. Ngakhale "discussed" yemweyo, akasanduka dzina "about" amabwerera: we had a discussion about the fare.

Mayi a dipatimenti ya zilankhulo, Zomba: Mwanena zoona achimwene, ndipo "died from his injuries" naye ndi wolondola. Koma zimenezo ndimasungira Fomu 4. Mwana amene akulembabe "entered in the house" ayambe wadziwa kuti polowa m'nyumba, m'kalasi kapena m'galimoto salemba "in" pambuyo pa "entered". Za mapangano a makampani zimudikire.

Mphunzitsi watsopano, Mangochi: Ine ndine mwana pa ntchitoyi, chaka changa choyamba, koma ndifunseko. Kodi "discuss about" ndi cholakwika ndithu? Ndimamumva pa wailesi, m'misonkhano, ngakhale kwa anthu ophunzira kwambiri. Ku Zambia nakonso amatero. Si Chingerezi chathu chabe chimenechi?

Mayi a dipatimenti ya zilankhulo, Zomba: Mwanawe, funso lako ndi labwino ndipo pa khonde tikhoza kukambirana mpaka dzuwa kulowa. Ineyo munthu akanena choncho pa msonkhano sindimudzudzula, ndamva zimene akutanthauza. Koma mwana wathuyu akukalemba mayeso a MANEB, ndipo satifiketi ya MSCE siibwera ngati Chingerezi walephera, ngakhale masamu atakhoza ndi 1. Wochonga akutsata Chingerezi cha m'mabuku. Ndiye timuphunzitse chimenecho, zinazo azikalankhula ku msika.

Bambo a Chichewa, Dedza: Musaiwale "he borrowed me his bicycle." Pakamwa timangoti anandibwereka njinga, mawu amodzi kwa wopereka ndi wolandira yemwe. Ine ndikanati muwakumbutse kuti kubwereketsa kuliponso, kenako muwaimiritse awiri kutsogolo ndi buku limodzi: uyu anene "I lent it to her," uyo anene "I borrowed it from him."

Achimwene a ku Mchinji: Popeza mndandanda wanga mwaukana, ndiponyeko china chimene simunatchule, ndicho khutu. Mawu athu onse amathera ndi a, e, i, o kapena u, ndiye "looked at" mwana amamutchula "lukedi ati". Akamva wina akunena mwachangu, -ed uja samumva n'komwe. Zimanyanya pamene mperekezi wake ndi "to", chifukwa d kapena t wa kumapeto amamira mwa t wotsatirayo: listened to, talked to, used to. N'chifukwa chake m'makope mumapeza "I use to walk to school" ndi "yesterday she talk to me." Pamenepo mwanayo nthawi yakale akuidziwa, koma walemba zimene khutu lamva. Ine ndimachita lembetso la ziganizo zisanu Lolemba lililonse, ndikuwerenga mwa liwiro la masiku onse, osati kutafuna liwu lililonse.

Madamu a ku Ntcheu: "Use to" ameneyo ali m'makope anga osachepera khumi. Ndimayesa ulesi.

Mphunzitsi watsopano, Mangochi: Nanga "picked it up" ndi "looked at it"? Ana anga anandifunsa chifukwa chake "it" akulowa pakati pa ena koma pa ena ayi. Ndinangoti tidzaona mawa.

Mayi a dipatimenti ya zilankhulo, Zomba: Yesa ndi dzina. Ukhoza kunena "picked the pen up," choncho "up" amasuntha, ndipo mlowam'malo ayenera kukhala pakati: picked it up, switched it off, put it on. Koma "looked the picture at" sizimveka, kusonyeza kuti "at" ndi mperekezi weniweni amene dzina lake limamutsatira pambuyo: looked at it, waited for it. Mawa lako lija ukawayankhe choncho.

Madamu a ku Ntcheu: Ndabweranso akuluakulu, papita sabata ziwiri. Ndinatenga ziganizo zolakwika za m'makope awo omwe, osatchula mwini wake, n'kuwauza kuti chilichonse achibwezere kaye m'Chichewa. Atafika pa "died with malaria" kalasi yonse inafa nacho chiseko, ndipo mtsikana wina anadzuka yekha kukachilemba pa mulu wachitatu. Milu ija ndaikopera pa pepala lalikulu, ili pa khoma, akumaonjezera okha akapeza mneni watsopano. Pa chimangirizo cha dzulo "discussed about" ndamupeza kawiri kokha. Koma tsopano ena ayamba kuopa aperekezi onse, akufufuta ndi ofunika omwe. Mnyamata wina walemba kuti "we talked the problem and agreed the driver." Achimwene a ku Mchinji, tanditumizirani ziganizo za lembetso zija, ndiyambe nazo Lolemba.