Chipatala cha boma chili kutsidya la mtsinje, chapafupi n'cholipira: tilowere kuti?

Membala wobisa dzina:
A admin, chonde ndibiseni dzina, kwathu anthu amadziwana. Abale anga a pa gulu lino, makamaka inu ogwira ntchito zaumoyo, ndigawireniko nzeru.

Ine ndimagulitsa kaunjika kuno ku Ndirande, koma kumudzi ndinasiya mayi ndi mng'ono wanga. Mng'ono wangayo ndi woyembekezera, miyezi 7, komanso ali ndi kamwana ka zaka zitatu. Chipatala cha boma kwathuko n'kutali. Ukanyamuka tambala woyamba umakafika dzuwa lili pamutu, ndipo panjira pali mtsinje wopanda mlatho. Mvula ikagwa usiku ngakhale a kabaza amakana, uwalonjeze zingati. Chapafupi ndi cha mishoni, koma kumeneko popanda ndalama umangoima pawindo.

Kale sitinkavutika chonchi. Tinali ndi mlangizi wa zaumoyo amene ankakhala m'mudzi momwemo. Anali ndi bokosi la mankhwala la maloko awiri, kiyi wina amasunga yekha, wina amasunga mayi wina wa komiti. Mwana akatentha thupi ankamubaya kachala n'kuyeza malungo pomwepo, akapezeka nawo n'kupereka LA. Wotsegula m'mimba ankalandira Thanzi ndi zinki. Ngakhale usiku unkatha kukagogoda. Anasamutsidwa. Amene anabwera m'malo mwake amakhala ku trading, akuti kumudzi kulibe nyumba yoti n'kukhalamo, ndiye amangobwera tsiku la sikelo ya ana, akapachika sikelo yake pamtengo wa mango, akayeza, akabaya katemera, basi wabwerera.

Mwezi watha kamwana kaja kanatentha thupi usiku mpaka kukomoka. Mng'ono wanga, ndi mimba yakeyo, anakabereka kumbuyo, mayi akuunikira ndi tochi ya foni, ulendo wa ku mishoni. Anakathandiza bwino, sindinganame, ndipo kali moyo. Koma bilu yake inadya nkhuku zitatu za mayi ndi mpamba wanga wa sabata yonse.

Tsopano amfumu analengeza kale kuti wobereka pakhomo kapena panjira alipira mbuzi. Ndiye taonani: ukapita kwaulere mtsinje ukutsekereza, ukapita pafupi ulipira, ukakhala pakhomo ulipiranso. Ine ndinamva pa wailesi kuti boma limalipirira amayi ndi ana m'zipatala za mishoni. N'zoona zimenezi? Ngati n'zoona, ife tinalipiriranji? Nanga kuti kachipatala ka m'mudzi kaja kabwerere, timakagogoda khomo la ndani?

Namwino wa ku chipatala cha mishoni:
Achemwali, munamva zoona, koma wailesi simalongosola zonse. Chimenecho timachitcha SLA, mgwirizano wa pakati pa Unduna wa Zaumoyo ndi zipatala za CHAM, bungwe la zipatala za mishoni, ndipo zinayamba cha m'ma 2006. Cholinga chake n'chomwe mukudandaulacho: kumene kulibe chipatala cha boma pafupi, munthu asalephere chithandizo chifukwa cha umphawi. Wodwala salipira, chipatala chimalemba zonse n'kutumiza bilu ku boma.

Pamene anthu amasokonezeka ndi apa. Si chipatala chilichonse cha mishoni chili ndi SLA. Chomwe chili nayo, si matenda onse alimo. Mwambiri muli sikelo ya amayi oyembekezera, kubereka ndi ana ongobadwa kumene. Ana osakwana zaka zisanu m'malo ena alimo, m'malo ena mulibe. Komanso imakhudza anthu a midzi yozungulira chipatalacho yomwe inalembedwa. Ndiye n'kutheka kuti mwana wa zaka zitatuyo sanaberedwe ayi, kungoti mgwirizano wa pamenepo sunamufike.

Musaiwalenso kuti boma limatilipira malipiro, koma mankhwala ambiri chipatala chimagula chokha. Ndalama za SLA zikachedwa miyezi, zipatala zina zimayamba zaimitsa kaye. Mng'ono wanuyo akapita kusikelo afunse mosaopa kuti, "Pano SLA ilipo? Ikukhudza chiyani? Mudzi wathu ulimo?" Ndipo chilichonse chomwe walipira atenge lisiti, asunge m'buku lake la kuchipatala.

Membala wina:
Kauzeni a phungu anu. Mlathowo analonjeza kangati? Kkkk dikirani kampeni, mudzaona ambulansi yolembedwa dzina lawo.

Mlangizi wa zaumoyo:
Ndiyankheko ngati mmodzi wa anthu amene mukuwanenawo, ndipo sindikukwiya. Ndondomeko ya boma imati mlangizi wa zaumoyo (HSA) mmodzi azisamalira anthu 1,000. Ine midzi yanga ikupitirira pamenepo kutalitali, ndipo njinga yakapalasa yomwe ndinalandira inatha kalekale, ndimakonzetsa ndi ndalama yanga. Ma village clinic, tizipatala ta m'mudzi ngati kanu kaja, anakhazikitsidwa dala m'madera ovuta kufikako, poyamba ankawerengera mtunda wopitirira makilomita 8 kuchoka kuchipatala, ndipo ndi a ana a miyezi iwiri mpaka zaka zisanu: malungo, chibayo, kutsegula m'mimba. Mwana wokomoka ngati wanuyo sitimusunga, timamupatsa mankhwala oyamba n'kumutumiza msanga. Koma nthawi zambiri safika pokomoka ngati anayezedwa tsiku loyamba lomwe anatentha thupi. Phindu la bokosi lija lili pamenepo.

Nkhani ya nyumba si bodza. Ukafika m'mudzi n'kupeza palibe ngakhale ya lendi, ana ako sukulu ili kutali, umathawira ku trading. Midzi yomwe ndaona zikuyenda, anthu anaumba njerwa okha, amfumu anapereka malo, anamanga kanyumba ndi kachipinda kosungira mankhwala. Njira yake: komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ikhale pansi ndi anyakwawa, nkhani ipite ku VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi), ikwere ku ADC (komiti ya chitukuko ya dera) kwa a T/A, kenako ku khonsolo. Pomwepo kalata ina ipite kwa wamkulu wa alangizi pa health centre yanu, ndi ina kwa a DHO, akulu a zaumoyo m'boma lanu. Lembani chiwerengero cha mabanja, ana osakwana zaka zisanu, ndi miyezi imene mtsinje umadzaza. Kumaofesi kalata ya manambala imayenda kusiyana ndi ya madandaulo okhaokha.

Mayi wa ana asanu:
Mwanawe, zamakomitizo n'zabwino koma mimba siidikira msonkhano. Mwezi wa 9 ukangoyamba, mng'ono wakoyo anyamuke akakhale kuchidikiro mtsinje usanadzaze. Atenge ufa, ndiwo zouma, nkhuni, beseni, zitenje zingapo ndi munthu womudikirira. Ine ana awiri omaliza ndinachira choncho. Chowawa n'chakuti nthawi imeneyo ndi yopalira, munda umatsala ndi udzu, ndipo kamwana kenako ukasiya ndi ndani? Zimenezi olemba malamulo saziona.

Za mbuzizo zimandinyansa. Azamba analetsedwa mu 2007, kenako nthawi ya mayi Joyce Banda mafumu analimbikira za uchembere wabwino, a Inkosi Kwataine a ku Ntcheu ali patsogolo, ndipo amayi ambiri anapulumukadi. Sindikutsutsa. Koma wolipira mbuzi nthawi zonse ndi uja wakutali wopanda ya kabaza. Wokhala pafupi ndi chipatala sanalipirepo.

Membala wina:
Mayi, popanda chindapusa azibambo ena sakanalola akazi awo kupita. Kwathu chinathandiza.

Mayi wa ana asanu:
Ndiye azilipira bamboyo, osati kumulanda mayi wachikuta mbuzi yomwe akanagulitsa n'kugula sopo.

Mnyamata wa ku Balaka:
Pakali pano muuzeni mng'ono wanuyo za Chipatala Cha Pa Foni. Pa Airtel ayimbe 54747, n'zaulere, amayankha ndi anthu a zaumoyo m'Chichewa. Zinayambira kwathu kuno mu 2011, pano zili m'manja mwa Unduna. Mankhwala sakupatsa pafoni, koma amakuuza ngati zizindikirozo n'zoti unyamuke usiku womwewo. Ndipo ngati mukuona kuti munalipiritsidwa mosayenera, ku chipatala chachikulu cha boma lanu kuli hospital ombudsman, ntchito yake n'kumva madandaulo otere.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Achimwene a ku Balaka, nambalayo ndamutumizira, kungoti netiweki kwathu imagwira pachulu cha kuseri kwa tchalitchi basi, ndiye usiku ndi mimba sindikudziwa.

Anamwino, munalondola. Dzulo anapita kusikelo ndipo anafunsa. Akuti SLA ilipo, mudzi wathu ulimo, sikelo ndi kubereka salipira, koma ya ana okulirapo mulibe. Miyezi yonseyi ankasunga ndalama yoberekera m'kachitini osadziwa, palibe anamuuzapo. Ndiye akachirira ku mishoni konko, za mtsinje zachepa.

Mayi akalankhula ndi anyakwawa Loweruka za njerwa, ngakhale kuumba kudikira mvula ithe. A mlangizi, ndifunsenso: tikaumba n'kuwotcha tokha, malata ndi simenti amapereka ndani, khonsolo kapena tisonkhe? Ndipo tikamanga, chilipo chomukakamiza mnzanuyo kudzakhalamo, kapena tidzangomangira mileme?