Thandizeni nzeru: amayi achikulire tikufuna kukhala nyumba imodzi kuno ku Joni

Moni nonse a pa gulu. A admin ndiloleni ndifunse, nkhaniyi yatikulira.

Tilipo amayi asanu ndi mmodzi a mpingo umodzi ku Rosettenville. Wamng'ono ali ndi zaka 58, wamkulu adadutsa 70. Ambiri mwa ife takalambira pa ntchito za m'nyumba, ndipo mukudziwa kuti kachipinda ka kuseri kwa abwana ndi ka ntchito, si kako. Mabwana akagulitsa nyumba kapena kutsatira ana awo kunja, ntchito yatha, pogona pathanso tsiku lomwelo. Mmodzi wa ife zamuchitikira kale, panopa akugona pabalaza kwa mwana wa mchemwali wake.

Chonde musayambe ndi mawu oti "bwererani kumudzi". Ofuna kubwerera adzabwerera. Koma ena ana ndi adzukulu adabadwira konkuno, mankhwala a BP ndi shuga amalandirira ku South Rand Hospital, ndipo kumudzi malo abale adagawana kalekale. Kwa ana nakonso n'kothina, banja lonse m'chipinda chimodzi. Mayi wamkulu azivulira kuti pamaso pa mkamwini?

Ndiye taganiza zochita lendi nyumba imodzi yaikulu, mwa zakale zija za ku Turffontein kapena konkuno. Aliyense chipinda chake ndi kiyi wake, koma khitchini, bafa ndi bwalo zikhale za tonse, kuseri tidzale mpiru ndi nkhwani. Si nyumba yosungirako okalamba ayi. Tikadali ndi mphamvu, timadziphikira, ena tikugwirabe maganyu ochapa ndi kusita. Tikungofuna kuti wina akagwa m'bafa usiku, pakhale womumva. Ndidawerenga za amayi a ku London amene adachita zofanana: malo awo amatchedwa New Ground, adalowamo mu 2016, muli mafulati 25 a amayi a zaka 50 kupita m'tsogolo ndipo amayendetsa okha. Koma iwo zidawatengera zaka 18, nthawi imene ife tilibe.

Pomwe takakamira ndi apa. Lease, pangano la lendi, ilembedwe m'dzina la ndani? Tikalemba mmodzi, iyeyo akamwalira kapena tikayambana, enafe tili panja. Mapepala athunso ndi osiyana: awiri ali ndi permanent residence (chilolezo chokhazikika m'dziko muno) ndipo amalandira ndalama ya okalamba ya SASSA (bungwe la boma lopereka thandizo la ndalama), yomwe imangopitirira R2,000 pang'ono, enafe ayi. Chipereganyu tachita limodzi kwa zaka zambiri osaberana, koma chipereganyu munthu ukhoza kutuluka chikazungulira. Nyumba si choncho. Alipo amene adayesapo?

Mayankho

Bambo wa ku Yeoville: Amayi, maina a nonse alembedwe pa lease, aliyense asayine ndi kusunga pepala lake. Lendi muzilipira kudzera ku banki, osati pamanja. Lamulo la Rental Housing Act la 1999 limati dipoziti isungidwe ku akaunti yobereka chiwongoladzanja, ndipo mwini nyumba akavuta mukhoza kukadandaula ku Gauteng Rental Housing Tribunal, bwalo lomva milandu ya lendi, kwaulere. Sangakutulutseninso popanda chigamulo cha khoti. Koma chachikulu, tsimikizani kuti amene akukupatsani nyumbayo ndi mwini wake weniweni. Tonse tikukumbukira moto wa pa nyumba ya Usindiso ku Marshalltown pa 31 August 2023, pomwe anthu 76 adafa, ena mwa iwo abale athu Amalawi. Lendi yotchipa isakukopeni kulowa nyumba yolandidwa ndi anthu amene si eni ake.

Mayi wa ku Mayfair: Ine ndiye ndikuopa khitchini, osati malamulo. Ndidakhalapo ndi anzanga atatu, chidatimwaza ndi magetsi a prepaid m'miyezi yozizira, wina heater usiku wonse, wina akudandaula kuti akulipirira mnzake. Kambiranani zonse musanalowe. Mdzukulu akabwera azikhala masiku angati? Mwana wamwamuna ntchito ikamuthera, aloledwa kugona kwa mayi ake? Pamenepo mpamene mitima imasweka, chifukwa palibe mayi amene angatsekere mwana wake chitseko. Mulembe mukadali okondana.

Mnyamata wa ku Braamfontein: Agogo, pali njira ya kopaletivi. Pa lamulo la Co-operatives Act la 2005 anthu asanu akhoza kulembetsa ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani, ndiye kopaletiviyo ikhoza kusayina lease ndi kutsegula akaunti m'dzina lake. Za mapepala osiyanawo mukafunse ku Wits Law Clinic, amathandiza ulere anthu opeza zochepa. Mukafunsenso ku khonsolo ya Johannesburg za chilolezo, chifukwa anthu osakhala banja limodzi akachuluka m'nyumba imatengedwa ngati commune, nyumba yokhala gulu imene imafuna chilolezo. Nyumba za boma za RDP musawerengere nonse, zimaperekedwa kwa nzika ndi a permanent residence basi.

Bambo wina: Koma kumudzi ndi R2,000 yomweyo mukhoza kukhala ngati mfumu.

Mwini funso: Zikomo nonse. Bambo omalizawa, anayi mwa ife ndalama imeneyo salandira n'komwe, ndipo mayi amene adachoka ku Thyolo ali mtsikana akafikira kwa yani? A ku Mayfair, mwandilasa mtima ndi nkhani ya ana, Lamulungu likubwerali tikaweruka kutchalitchi tiyambira pomwepo. Chomwe palibe wayankha ndi ichi: mmodzi akadwala mpaka kulephera kudzuka, osapezanso ya lendi, tichite bwanji? Kumutulutsa sitingathe, ndi mnzathu. Kumusenza tonse tili okalamba, nakonso mwina sitingakwanitse. Tikuganiza zoika R100 aliyense pamwezi m'thumba lapadera, kupatula ya sosaite ya maliro. Amene mumayendetsa ma stokvel (magulu osonkherana ndalama) kapena banki m'khonde, thumba lotere mumaliteteza bwanji kuti lisathere kubwerekana?