Chiwonjezereni mankhwala manja akunjenjemera, nditani?

Telala wa ku Ndirande:
Abale, ndigawireniko nzeru. Ndimasoka zovala pakhonde la sitolo. Ndimamwa haloperidol chifukwa cha matenda a maganizo, ndipo mwezi watha adokotala anandikwezera mlingo kuchoka pa 5mg kufika pa 10mg, poti mawu amene ndinkamva aja anali atayambiranso. Mawuwo anasiya, ndikuthokoza Mulungu. Koma manja angawa! Kuti ulusi ulowe pa singano ndikumachita kuitana mwana. Khosi lauma, usiku dovu likunyowetsa pilo, ndiye miyendo sikundilola kukhala, ndikumangonyamuka pamakina n'kumazungulira. Mayunifolomu a ana a eni ake aunjikana, tsiku lobwerera kuchipatala likadali kutali. Ndikuganiza zomamwa theka mpaka ntchitoyi ithe. Alipo anaziwonapo zotere?

Anaphiri:
Achimwene, chonde piritsilo musadule nokha. Mlongo wanga anatero atatopa ndi kuuma thupi, matenda anabwerera mwamphamvu mpaka anakagonekedwa. Musadikire tsiku limene anakulemberani, tengani buku lanu la kuchipatala mawa lomwe. Mlongo wangayo anadzamupatsa mankhwala a benzhexol, ena amati Artane, thupi linamasuka.

Namwino wopuma ntchito:
Bambo, zimenezi n'zodziwika pa haloperidol, makamaka mlingo ukangokwera, ndipo pali chochita. Anaphiri anena zowona, benzhexol amachepetsa kuuma ndi kunjenjemera. Koma amaumitsa kukamwa, amadzimbitsa, ena amawona mwachimbuuzi, ndiye inu wa singano mukanene ntchito yanu poyera. Musakagule nokha.

Za miyendozo mukazifotokoze pazokha, mwatsatanetsatane. Benzhexol kawirikawiri sathandiza kwenikweni pamenepo, komanso munthu wosakhazikika amatha kuwoneka ngati matenda akukula, n'kumuwonjezeranso mankhwala omwe akumuvutawo. Mukanene kuti zinayamba liti. Adokotala akhoza kutsitsa mlingo pang'onopang'ono akukuyang'anirani, kapena kukusinthirani ena monga risperidone ngati alipo. Mupite ndi wa kunyumba amene amakuwonani tsiku ndi tsiku.

Khosi likapindika, maso n'kutembenukira m'mwamba, lilime kuuma, kapena thupi likatentha kwambiri muli wouma gwa ndiponso wosokonezeka, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Ku Ndirandeko muli pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth.

Mlimi wa ku Dedza:
Ine anga ndi chlorpromazine. Ankandigonetsa masanasana, khasu lili m'manja. Nditadandaula anandisinthira kuti ambiri ndizimwa pogona, zinapepuka. Pa chizungulire, podzuka ndimayamba ndakhala kaye pamphasa, ndipo kumunda sindipita wopanda chipewa poti khungu limapsa msanga ndi dzuwa. Mowa wokha utalikireni achimwene, sugwirizana ndi mankhwalawa.

Telala wa ku Ndirande:
Zikomo nonse. Usiku uno ndimwa monga anandilembera, m'mawa tilawirira ndi mayi a kunyumba. Mayunifolomu ofulumira ndapempha mnzanga wa khonde loyandikana kuti andisokereko, tigawana ndalama. Anamwino, akanditsitsira mlingo, zizindikiro zoti matenda akubwerera zimene mayiwa aziyang'anira ndi ziti?