Thandizeni: bwanji EMP imafika kutali bomba likaphulikira kumwamba?

Moni nonse m'gulu muno, makamaka inu aphunzitsi a fizikisi. Mutu waima pa nkhani ya EMP, funde la mphamvu ya magetsi limene limabuka bomba la nyukiliya likaphulika. Lachisanu ndiyenera kuwafotokozera anzanga m'kalasi.

Chitsanzo changa ndi Starfish Prime. Mu Julayi 1962 dziko la America linaphulitsa bomba makilomita 400 kumwamba, chakufupi ndi chilumba cha Johnston Island m'nyanja ya Pacific, ndipo ku Hawaii, mtunda woposa makilomita 1,400, magetsi a mumsewu pafupifupi 300 anazima. Chonsecho bomba lophulikira pansi EMP yake siipita patali.

Ndamvako kuti ma gamma ray, cheza champhamvu chochokera ku bombalo, amatsika n'kugumula maelekitironi mumpweya, pamakilomita 20 mpaka 40 kumwamba, kenako maginito a dziko amawakhotetsa. M'mabuku a ku laibulale angoikhudza pang'ono. Pa YouTube n'zongoopsezana basi. Aphunzitsi athu anangoti kugumulidwa kwa maelekitironiku kumatchedwa Compton, n'kupitirira.

Kodi kukhota kumeneku kumabala bwanji fundelo? Nanga bomba likakwera kwambiri, chimakula ndi dera lokha, kapena mphamvu ya E1, gawo loyamba la fundelo, imasinthanso? Chonde longosolani mosavuta.