Ufa wa turmeric wathimbiriritsa matailosi a m'khitchini

Mayi wa ku Rosettenville:

Abale anga, ndikupempha nzeru kwa amene munakumanapo ndi vuto ngati langali. Loweruka lapitali ndinagula theka la kilogalamu ya ufa wa turmeric, ufa wachikasu uja wokometsera ndiwo, ku Fordsburg kuno ku Johannesburg, ndipo ndisanauthire m'botolo, mwana wanga wazaka zitatu anakoka pepala lake patebulo, ufa wonse n'kumwazikira pa matailosi oyera. Chifukwa cha phuma ndinatenga chikolopa ndi ndowa ya madzi a sopo, koma m'malo moti pansi payere, chikasucho chinafalikira mpaka pakhomo, ndipo m'mizere ya simenti ya pakati pa matailosi mwafiira ngati munatayikira msuzi wa matimati. Nyumbayi ndi ya lendi, choncho ndikuopa kuti tsiku losamuka eni ake adzapezerapo chifukwa chokanira kundibwezera dipoziti. Kodi ndithirepo Jik, kapena pali njira ina?

Agogo a ku Randburg:

Pepani mayi, koma pamene panalakwika ndi pa chikolopacho. Ine ndagwira ntchito ya m'nyumba kuno zaka zambiri, kwa mabwana amene sadya ndiwo zopanda kale (curry), ndipo chimene ndinaphunzira n'chakuti ufa umenewu sukomana ndi madzi usanawoledwe. Ukatayika, mumatenga kakatoni kolimba n'kuukankhira pamodzi pang'onopang'ono kuchokera m'mbali, kenako n'kuuwola, ndipo wotsalira m'mizere mumauchotsa ndi burashi youma. Madzi amabwera pomalizira penipeni.

Popeza zachitika kale, pitani ku famase mukagule sipiriti woyera wotsukira pabala, munyowetse kansanza koyera, ndipo muzidinda pabangapo m'malo mokhula, mukusintha mbali ya kansanzako ikangochita chikasu. Musagule sipiriti wapepo uja woyatsira moto, chifukwa utoto wake ukhoza kukusiyirani banga lachiwiri m'simenti. Tsekulani mawindo, ndipo chitofu chikhale chozimitsa.

Bambo womanga wa ku Turffontein:

Zimene anena agogowa ndi zoona, ine ndingowonjezerapo za kufiirako, poti mwina ndi kumene kwakuopsani kwambiri. Chimene chimapatsa turmeric mtundu wake chimatchedwa curcumin, ndipo sichisungunuka bwino m'madzi, n'chifukwa chake chikolopa chinangochinyamula n'kukachisiya pena, pomwe m'mafuta ndi mu sipiriti chimasungunuka. Chikakumana ndi sopo kapena soda chimasanduka chofiira, ndipo chikakumana ndi zowawasa monga mandimu chimabwerera ku chikasu. Choncho simenti yanuyo sinapse ayi, yangomwa utoto.

Matailosi enieniwo sindikuwadera nkhawa ngati ali osalala onyezimira aja, chifukwa pamwamba pake sipalowa kanthu. Nkhondo ili m'mizeremo, poti simenti ya m'mizere imamwa ngati njerwa. Anthu ambiri amathamangira viniga, koma ine monga munthu amene ndimaika matailosi sindimulimbikitsa, chifukwa viniga amadya simenti pang'onopang'ono mpaka mizere imakumbika, ndipo pa mwala wa marble amachotsa kunyezimira kosabwereranso. Ngati sipiriti wasiya mthunzi wachikasu, sungunulani Jik pang'ono m'madzi ozizira motsatira zolembedwa pa botolo, muyambe mwayesa pakona yobisika kuseri kwa firiji, mupake ndi mswachi wakale m'mizere mokhamo, mudikire mphindi zisanu, kenako mutsukuluze ndi madzi ambiri.

Chimodzi chokha ndikuchondererani: musasakanize Jik ndi viniga, ngakhalenso ndi mankhwala otsukira okhala ndi ammonia, chifukwa zimatulutsa mpweya wapoizoni umene m'khitchini yaing'ono ukhoza kukomola munthu, makamaka mwana. Ngati munapakapo kale china, tsukuluzani ndipo paume kaye.

Komanso ngati dzuwa limalowa m'khitchinimo, tsekulani makatani masana onse. Utoto umenewu umafwifwa ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo kuno ku Johannesburg m'nyengo yozizira kumwamba kumakhala mbee pafupifupi tsiku lililonse.

Mlongo wanu wa ku Yeoville:

Kwa amene tikukhala m'mafulati akale okhala ndi pansi pa timatabwa, malangizo a Jik ndi sipiritiwa sakutikhudza, chifukwa zonse ziwiri zikhoza kuwononga vanishi, ndipo madzi ochuluka amatupitsa matabwa mpaka kuzuka. Kwanga kunatayika tsabola wogaya, ine n'kusesa mwamphamvu ndi tsache ngati ndili pabwalo kwathu ku Mangochi, ndipo nyumba yonse tinatsokomola ndi kutuluka misozi mpaka tinakaima pakhonde. Tsabola amafunika kumuvundikira ndi mapepala onyowa pang'ono kuti asauluke, ndiye n'kumuwola pamodzi ndi mapepalawo.

Mayi wa ku Rosettenville:

Zikomo kwambiri nonse. Sipiriti wachotsa zonse za pamatailosi, ndipo mizere yambiri yayera nditapaka Jik kawiri monga mwanenera bambo. Yatsala mizere itatu pansi pa sinki, pamene dzuwa silifika, imene ikadali yachikasu pang'ono. Kodi bambo, ndingaipale pamwamba n'kumatapo simenti yatsopano ndekha, kapena mtundu wake udzasiyana ndi yakaleyo moti eni nyumba adzazindikira?