Mayi wasiya ma ARV ataona LDL m'buku, akuti Mulungu wamuchiza

Namwino wa ku ART:
Anzanga ndithandizeni nzeru. Kuno ku ART, kumene timapereka ma ARV, ndili ndi mayi amene wamwa mankhwalawa zaka 11 osaphonyako tsiku lobwera kuchipatala. Mu Juni zotsatira zake za viral load (kuchuluka kwa HIV m'magazi) zinatuluka LDL, kutanthauza kuti kachilombo kachepa moti makina sakukapeza, ndipo ndine ndemwe ndinalemba m'buku mwake n'kumuuza kuti "kachilombo sikakuoneka, mwachita bwino." Sabata yomweyo anapita kumapemphero a usiku wonse kuphiri. Mneneri anamusanjika manja nati wochira asagwirenso botolo la mankhwala, kutero n'kukayikira Mulungu. Lero mwana wake wamkazi wabwera naye, mabotolo awiri osatsegula ali m'chitenje. Wawonda, akutsokomola, m'kamwa mwayera. Ndikayamba za mankhwala akungoloza LDL ija, "Si inu nomwe munalemba?" Mawu andithera.

Clinical officer:
Tiyambe ndi thupi, Sisi, zokambirana zibwere pambuyo. Miyezi 6 osamwa, chifuwa, zoyera m'kamwa: muyezeni CD4 (chitetezo cha m'thupi), makhololo ndi LAM ya mkodzo (zofufuza TB), komanso CrAg (yofufuza matenda oumitsa khosi) lero lomwe. Mumufunsenso za mutu ndi khosi musanamuyambitsenso TLD, piritsi la ma ARV lija. Mneneriyo ndi wokanena kupolisi basi. Lamulo la HIV la 2018 limaletsa kufalitsa zabodza za matendawa.

Sisitala wamkulu:
Zoyezazo ndavomereza, koma za polisi ikani pambali kaye achimwene. Mukangotchula polisi mayiyo ali pomwepo, mawa simumuonanso, ndipo adzanena kumpingo kuti achipatala akuzunza munthu wa Mulungu. Ine ndinali kusukulu ya unamwino mu 1995 pamene anthu ankadzaza malole kupita ku Machinga kukamwa mchape wa a Chisupe, mankhwala azitsamba amene ankati amachiza Edzi. Nthawi imeneyo tinalibe chowapatsa, ma ARV aulere anabwera mu 2004. Anthu aja sanali opusa, anali otopa ndi maliro. Mayi wanuyu mwamufunsa chamutopetsa?

Namwino wa ku ART:
Sindinafunse, a Sisitala. Mwana wake wangondinong'oneza kuti bambo anamwalira chaka chatha, ndipo kuyambira pamenepo mayi amalira akamameza piritsi.

Expert client:
Mundilole ndiyankhepo monga womwa nawo ma ARV amene ndimathandiza odwala anzanga pachipatala. Mawu akuti "sikakuoneka" ndi amene amatigwetsa. Kumudzi chinthu chikapanda kuoneka ndiye kuti chatha. Ine ndimawauza za nankafumbwe: chimanga chothira mankhwala chimakhala bwinobwino m'thumba, koma leka kuthira uone ufa pansi pa thumba. Kachilombo kamabisala m'thupi momwe makina sakuyezamo, ukasiya kumwa kamadzuka m'masabata ochepa. Chinanso, ena amapita kwina kukayezetsanso ngati atsopano, ndipo kwa munthu amene wamwa mankhwala zaka zambiri kachida koyezera magazi a pachala kaja nthawi zina kamatha kuonetsa mzere umodzi, ngati kuti alibe kachilombo. Pepala limenelo ndi limene amakaliimika kutsogolo kwa mpingo monga umboni. Mufunseni ngati sanachite zimenezo.

Abusa a pachipatala:
Ana anga, chimene ndikupempha n'chakuti musamuike mayiyu pamphambano yoti asankhe pakati pa Yesu ndi botolo. Akasankha, asankha Yesu, ndipo ife titaya munthu. Musatsutse kuti Mulungu wamuchitira zazikulu, poti wamuchitiradi: zaka 11 ali moyo, walera ana. Ine ndikakhala pambali pa bedi ndimatsegula 2 Mafumu 20. Hezekiya anatembenukira kukhoma, analira, Mulungu anamva nalonjeza kumuonjezera zaka 15. Koma pa ndime 7 Yesaya yemweyo, mneneri weniweni, analamula kuti aike nkhuyu pachithupsa. Lonjezo linalipo kale, mankhwala anaikabe. Ndimawafunsa odwala, kodi Yesaya anali wochepa chikhulupiriro? Nthawi zambiri amayamba aseka, kenako timapemphera botolo lili m'manja mwawo. Ena mwa abusa anzanga amati kupempherera botolo n'kunyanya, ine sindiona chovuta, nsima timaipempherera tsiku ndi tsiku.

Koma zisayambe ndi vesi. Kulira kwa piritsi kuja ndi maliro a mwamuna wake amene sanathe. Mpatseni mpata alankhule za malemuwo.

Clinical officer:
Abusa ndamva, koma si abusa onse ali ngati inu. Mwezi uno wokha ndaona wina wosala kudya masiku 7, mankhwala nawo anasala.

Sisitala wamkulu:
Apo vuto ndi lathunso. Ndi angati timawauza kuti TLD amatha kumwa ngakhale m'mimba mulibe kanthu? Wosala kudya timamuuza ameze piritsi ndi madzi, asale nsima. Za mneneriyo, uzani komiti ya zaumoyo ya m'deralo ndi mfumu, ndipo a MANERELA+, bungwe la atsogoleri achipembedzo okhudzidwa ndi HIV, amadziwa kulankhula ndi atsogoleri anzawo achipembedzo kuposa ife ovala yunifolomu.

Namwino wa ku ART:
Ndabweranso. LAM yatuluka positive, wayamba mankhwala a TB ndi Bactrim woteteza ku matenda ena, ndipo tamugoneka. CrAg ilibe kanthu. Abusa anakhala naye pafupifupi ola lathunthu, ine ndinangotseka katani n'kutuluka. Ndikubwerera ndinamva akuimba motsitsa, mwana wake akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Wavomera kuyambiranso ma ARV tsiku limene adokotala anene, koma wapempha chinthu chimodzi: asauzidwe a kumpingo kwake kuti ali muno.

Expert client:
Chimenecho chisungeni ndithu. Koma Lamulungu masana odzapemphera m'mawodi amalowa gulu, ndipo mayiyu amadziwika. Bedi lake lili pati?

Namwino wa ku ART:
Pafupi ndi khomo. Ndikambirana ndi a wodi usiku uno timusunthire kumapeto, kuwindo.